Chuma Chokhala ndi Miyendo

A Fletcher anali alamu anga, amuna a mlongo wanga Esitele, ndipo palibe munthu pansi pano amene anandiwawitsa mutu ngati iwo. Mowa sankamwa, pakamwa anali ofatsa, ndipo mkazi sanamutukulirepo dzanja. Akanakhala oledzera bwenzi zili zosavuta, ndikanadziwa pogwira. Vuto lawo linali ng'ombe, komanso mawu amodzi omwe ankawabwereza mpaka ana a m'mudzi anayamba kuwayeserera: "Alamu, nthaka ilibe miyendo."

Kwawo kunali ku Thyolo. Ankati kamunda ka bambo awo kanali kochepa moti ukaima pakati n'kulavula, malovu ankagwera m'munda mwa anansi. Anabwera kuno ku Mkanda ali mnyamata, pa lole ya matenanti, n'kuyamba kulima fodya pa esiteti ina kuseri kwa dambo lathu. Chaka chilichonse ankazula zitsa, kusalaza munda, kuunga mizere. Ukangoti wakoma, kapitawo ankaupereka kwa wina, iwo n'kuwakankhira ku tsala lina kuti akayambirenso. Atatopa nazo anapempha kuti awasamutsire ku makola a ng'ombe a esitetiyo, ndipo matenda awo anawatengera kumeneko.

Ng'ombe za kumeneko sizinkapita kudambo ngati zathu. Zinkangoima m'khola, madeya akubwera pa lole, madzi akupopedwa ndi injini, izo n'kumafufuma mpaka mabutchala a ku Lilongwe kudzazitenga. Matipate atabwera, kwacha itagwa, dizilo ndi madeya zitakwera mtengo, mwini esiteti anatseka zonse n'kupita. A Fletcher anaimirira pamsewu kuonerera. Munda anausiya, zigafa anazisiya, nyumba ya malata anaisiya, koma ng'ombe anazikweza pa lole n'kupita nazo. Phunziro lomwe alamu anga anatolapo ndi limenelo basi. Zoti n'chifukwa chiyani munthu wa injini ndi malole ntchitoyo inamukanika, funsolo silinawapeze.

Nthawi imeneyo n'kuti atakwatira kale Esitele n'kumanga pakhomo pathu, chikamwini monga mwa mwambo wathu. Ana awiri omwe anabadwa anamwalira ali makanda, ndipo wina sanabwerenso. Tsono mkamwini wopanda mwana, wochokeranso kutali, amagona khutu limodzi lili kunja. Ine ndinkawauza kuti, "Alamu, khazikani mtima pansi, pano ndi panu." Ankangoseka mwaulemu, kuseka kwa munthu amene sakufuna kukutsutsa pamaso.

Mu 1996, anthu wamba titaloledwa kulima fodya wa bale, a Fletcher anachita mphumi chifukwa ntchitoyo ankaidziwa kuposa tonse. Anzawo anagula njinga ndi mawailesi. Iwo anapita ku Mlonyeni n'kubwerako ndi ng'ombe ziwiri zamphongo zofula, zowonda ngati nkhuni. Anazimangira khola la modyera ndi momwera, pamwamba n'kufolera malata atsopano. Malata pa ng'ombe! Nyumba yawo n'kuti ili ya udzu, ndipo mvula ikagwa mlongo wanga ankayala mabeseni pansi. Nditafunsa, anandiyankha kuti ng'ombe yonyowa siidya bwino. Zoti mkazi wonyowa amadya bwanji sanazinene.

Lamulo lawo linali loti ng'ombe isatuluke m'khola. "Ng'ombe yoyenda imadya nyama yake yomwe," ankatero. Anthu tinaseka, koma Khirisimasi itayandikira lole ya mabutchala inafika mpaka pachipata cha khola, ndipo zomwe zinatuluka m'menemo sizinali ng'ombe ayi, zinali mvuu. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ndipo ine ndemwe ndinaomba m'manja. Chaka chotsatira anagula zinayi. Kenako zisanu ndi imodzi. Phindu lonse linkabwerera m'khola momwemo, pakhomo n'kungotsala chitenje chimodzi ndi nsapato za kutchalitchi.

Koma ng'ombe yosayenda, pali munthu amene amaiyendera. Tikangokolola, a Fletcher ankadula mapesi onse m'munda mwa Esitele, kuwola masangwi a mtedza mpaka katsamba komaliza, n'kukaunjika pa denga la khola. Za m'munda mwawo zikatha ankalowa m'minda ya anansi, kupempha apa, kugula apo. Madeya ankawasaka pa njinga m'zigayo zonse za dera lino. Munda unkatsala mbee ngati bwalo la mpira. Mphepo ya Okutobala inkanyamula dothi tikuona, mvula yoyamba n'kukokolola lotsalalo. Posakhalitsa kaufiti anadzaza munda, timaluwa take tofiira tili ngwee, chimanga chili chachikasu cholekeza m'chiuno.

Chomwe chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mankhwala a munda umenewo anali pakhomo pomwepo. Kuseri kwa khola kunali mulu wa ndowe, chaka ndi chaka ukukula, mpaka unasanduka chulu choti ana ankakwerapo. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Alamu, kodi chuluchi mukufuna mudzamangepo tchalitchi? Bwanji osatutira kumunda manyowawa?"

"Kumunda kwa yani, alamu?"

"Aa! Kumunda komwe mumadyako."

Anapitiriza kusakaniza madeya ndi mchere, osandiyang'ana. "Ine minda ya eni ndanenepetsa yambiri. Ndikangoti yakoma, eni ake amatulukira. Munda uwu ndi wa azimayi anu, ndinaupeza ndipo ndidzausiya. Koma izi," anasisita ng'ombe pa linunda, "tsiku lomwe mudzandiuze kuti nyamukani, zidzanyamuka nane. Nthaka ilibe miyendo."

"Ndani wakuuzani kuti nyamukani?"

"Palibe. Chakudza sichiimba ng'oma."

Ndinachoka pamenepo nditakwiya. Munthu woti akudya nafe mbale imodzi, pamaliro akukumba nafe manda, koma mumtima katundu ali womangamanga.

Ndiye panali nkhani ya madzi. Mayi athu anasiyira Esitele dimba kudambo, lokhala ndi chitsime chomwe kuyambira ndili mwana sichinaphwepo. Dimba limenelo ndi lomwe linkatiolotsa miyezi yovuta: mpiru, matimati, ndi chimanga chomwe chinkacha nkhokwe zikamapita kumapeto. Ku mjigo wa m'mudzi akomiti anakaniza kutunga madzi a ziweto, choncho ng'ombe zija zinkamwa chitsime cha kudimba. Ng'ombe yodya zouma zokhazokha imamwa moopsa, imodzi yokha kuposa banja lonse. Ndisawanamizire alamu anga, akakhala pakhomo ankatunga okha ndi zigubu pa njinga. Koma masiku ambiri njingayo inkakhala kosaka madeya, ndipo amene ankakwera chitunda chochokera kudambo ndi ndowa pamutu, kupita n'kubwerera mpaka dzuwa kupendeka, anali Esitele.

Njala ya 2002 ndinkayesa iwatsegula maso. Chaka chimenecho madeya anasiya kukhala chakudya cha ziweto. Amayi ankakhala pamzere kuchigayo kudikira kambale ka madeya kokaphikira ana, ndiye a Fletcher n'kutulukira ndi njinga ndi matumba. Anawakuwiza, wina mpaka anawagenda ndi chitsononkho. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukasaka madeya kutsidya, ku Zambia, kunyamuka mbandakucha n'kubwera miyendo itatupa. Koma ndinene chilungamo: ulendo uliwonse ankatsitsako theka la thumba pakhomo pa achemwali athu aakulu, a Imelda, omwe anali ndi ana aakazi anayi ndi zidzukulu, n'kuchoka osanena kanthu. Ana a pakhomo limenelo anapulumukira madeya a ng'ombe za mkamwini.

Ng'ombe zinapulumukanso, ndipo alamu anga anaona ngati Mulungu wavomereza.

Kenako kunabwera ng'amba ya 2005. Mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikungoyamba kubereka, ndipo m'munda wotheratheratu ngati wa Esitele munatuluka tizitsononkho tokwana m'madengu owerengeka. Chiyembekezo chonse chinatsalira kudimba. Esitele anadzala chimanga dimba lonse. Koma pofika Seputembala, chitsime chomwe sichinaphwepo chinayamba kuonetsa matope. Tinachifukula, madzi n'kumangodza pang'onopang'ono ngati misozi. Munthu ankakhala pansi m'dzenjemo ndi chikho, kudikira kuti asonkhane. Madzi a tsiku limodzi ankakwanira chimodzi: chimanga kapena ng'ombe zisanu ndi imodzi. Ndipo tsiku lililonse ankapita kukhola.

Esitele sanali munthu wodandaula. Choncho tsiku lomwe anabwera kwanga n'kukhala pansi pakhonde osalonjera, ndinadziwa kuti zafika pa mwana wakana phala. Khosi lake linali litalowa m'mapewa chifukwa cha ndowa.

"Achimwene, chimanga chikupota masamba. Tiyeni mukalankhule nawo inu, ine mawu andithera."

Tinawapeza kukhola, monga mwa nthawi zonse.

"Alamu, gulitsani ng'ombezi," ndinatero. "Chitsime chatopa."

"Lole ibwera mu Disembala. Ndigulitse pano zisanakhwime, ndiye ndavutikiranji chaka chonse?"

"Dimba silifika Disembala. Mudzadya chiyani?"

"Ndikagulitsa tidzagula chimanga."

"Kuti? Chimanga chake chiti, dziko lonse lili pamzere?"

Tinakangana mpaka anavomera kupita kumsika wa pa Mkanda kukaimba foni kwa butchala wawo kuti abwere msanga. Anabwerako nkhope itagwa. Butchalayo anawauza kuti chaka chimenecho aliyense akutaya ng'ombe, moti akuzigula motchipa pakhomo penipeni pa tauni. Awotcherenji dizilo kubwera kumalire? Kaya Okutobala, kaya Disembala, lole sibwera.

Apo m'pamene Esitele analankhula, motsitsa mawu, maso ali pansi. "Bambo, mawa madzi ndithira chimanga."

A Fletcher anatembenukira kwa iye. "Ndiye kuti mwandithamangitsa."

"Ine ndanena za madzi. Inu sindinakuthamangitseni."

"N'chimodzimodzi."

Ndinafuna kuwagwira pakhosi, ndikunena zoona. Mkazi wawasenzera madzi zaka zonsezi mpaka msana kupindika, lero wangopempha ndowa zochepa za chimanga choti adye iwo omwe, ati wawathamangitsa! Koma iwo anali atagamula kale. Anati mawa lake atulutsa ng'ombe zawo, aziyendetsa mpaka kumsika wa kumsewu wa tala, komwe malole amadutsa. Akagulitsa adzaona kolowera. Zoti adzabwerera sananene, ndipo Esitele sanafunse.

M'mawa ndinapita kukawathandiza, osati chifukwa chowakonda tsiku limenelo, koma kuopa kuti anthu angati abale a mkazi anangoonerera. Anamanga ng'ombe iliyonse chingwe chatsopano cha khonje n'kuchotsa mipiringidzo ya pachipata. Ng'ombe zinangoima. Tinakoka, tinakankha, mpaka zinatuluka zikuphethira ndi dzuwa. M'pamene ndinaona ziboda zake. Pafupifupi chaka chathunthu zitaima pa ndowe zofewa, zibodazo zinali zitatalika n'kupindikira m'mwamba ngati nsapato zakale. Kale lonse lole inkafika pachipata, ndiye palibe amene anaganizapo zoti ng'ombe za a Fletcher zidzapondapo msewu. Zinkaponda pansi pouma ngati zikuponda makala.

Tinayenda mwa kamba. Tikudutsa pa sukulu, ng'ombe za m'mudzi zinatipitirira zikupita kudambo, zowonda nthiti zili pamtunda, koma zikuthamanga fumbi kobo. Zathu zinali wefuwefu, thovu kukamwa. Tisanafike n'komwe pa mtengo wa mkuyu womwe uli kumapeto kwa mudzi, yoyamba inagwada n'kugona pakati pa msewu. A Fletcher anaikoka chingwe, anaipotokola mchira, anainyengerera ngati mwana. Sinadzuke. Dzuwa likufika paliwombo, zinayi zinali pansi.

Mukudziwa amene anathamangira kuchitsime? Esitele. Madzi omwe aja anati athira chimanga anabwera nawo pamutu n'kuwakhuthulira pamisana ya ng'ombe, kenako n'kubwereranso. Ndinamukalipira kuti asiye, anangondidutsa. Tsiku limenelonso dimba silinalawe dontho.

Mbiri ya nyama imathamanga kuposa ya maliro. Posakhalitsa mabutchala a m'misika yaing'ono anatulukira pa njinga, mipeni ili m'zikwama. Ankazungulira ng'ombe zija akupukusa mitu, ati iyi yatsala pang'ono kufa yokha, ati anthu alibe ndalama chaka chino. Anatchula mtengo wa mbuzi. Imodzi inafadi mpeni usanafike. A Fletcher sanatsutse chilichonse, ngakhale ziwiri zomwe zinali chiimire anangoti tengani. Anthu akusenda zikopa pamsewu pomwepo, iwo ankayenda kuchoka pa ng'ombe iyi kupita pa iyo, kumasula zingwe zawo n'kumazikulunga bwinobwino pamkono. Atatha anaima kuyang'ana njira ya kumsewu wa tala. Esitele anangotola ndowa yake n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, bambo." Anamutsatira.

Kwa masiku angapo sanatuluke m'nyumba. Kenako m'mawa wina ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinawapeza ataima chipewa chili m'manja.

"Alamu, mundibwereke wilibala."

Mwezi wonse wa Novembala anagumula chulu chija. Manyowa a zaka zambiri, akuda bii, ofumbutuka ngati ufa, ankawatutira kumunda kwa Esitele kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ali ndi njala ngati tonsefe. Ine pakamwa sindimatha kusunga. Nditawapeza akuthira m'mizere ndinati, "Bwanji alamu, nthaka yamera miyendo?"

Anapukuta thukuta. "Ndatopa kukhala chiimire, alamu. Ndafuna ndikhaleko pansi."

Chimanga cha kudimba chinauma ndithu, ndipo njala ya chaka chimenecho inatikhaulitsa. Koma mvula yotsatira inagwa bwino, ndipo munda womwe anthu ankaudutsa osauyang'ana unabiriwira mpaka kuda. Chimanga chinatalika kupitirira munthu, kaufiti anachepa. Mapesi anayamba kuwasiya m'munda momwemo. Malata a pakhola anawazula n'kufolera nyumba, Esitele n'kubweza mabeseni ku ntchito yake. Anadzala ngakhale mitengo ya mango m'malire, munthu amene kale sankadzala chinthu chopitirira chaka chimodzi. Chitsime chinabwerera. Zaka ziwiri zimenezo mlongo wanga ananenepako, ndipo ndinamumva akuimba popita kudimba. Ine ndinkanyada ngati ndalima ndine, ndipo ndinkawakumbutsa pafupipafupi kuti ndinkanena.

Mu Malichi 2008, chimanga chachitatu chitamasula ngayaye, Esitele anadwala chifuwa. Tinathamangira naye kuchipatala, koma sanabwerere wamoyo.

Titamaliza za maliro, abale tinakhala pansi kuti tikambirane za wamasiye. Ine ndinkayesa nkhani yake ndi yaifupi: akhale, pano ndi pawo. Koma a Imelda anakonza chitenje n'kuyamba. Ati ana awo aakazi akulima pa mchenga, amuna awo akudandaula. Ati munda uja ndi wa mayi athu, ndipo Esitele sanasiye mwana. Ati mwambo ndi mwambo, bamboyu timusudzule mwaulemu apite kwawo.

"Achemwali," ndinatero, "munda umenewu uli kaufiti yekhayekha, inu munaufunapo?"

"Nkhani si imeneyo."

"Nkhani ndi imeneyo! Manyowa anathira ndani? Nanga mu 2002, madeya omwe zidzukulu zanu zinadya anabwera ndi yani?"

"Tinathokoza nthawi yomweyo. Mkamwini asamakule mwendo."

Amalume athu, omwe n'kuti atakalamba kwambiri, anangoti a Imelda anena zoona. Ena onse maso pansi. Ndinakalipa, ndinamenya pansi ndi chibakera, ndinatchula dzina la malemu mpaka mawu anandithera. Chomwe ndinapindula n'chakuti anati a Fletcher adikire akolole, atengeko matumba angapo. Munda wokha a Imelda anali ataulonjeza kale kwa mwamuna wa mwana wawo wachiwiri, mkamwini mnzawo.

Ndinapita kukawauza a Fletcher. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Ndinkadikira kuti anene mawu awo aja, ndipo akananena mwina mtima wanga ukanapepukako. Sananene. Anangofunsa kuti, "Chimangacho ndikachinyamula pa chiyani mpaka ku Thyolo?" Kukolola sanadikire.

Tsiku lonyamuka ndinabwera ndi njinga kuti ndiwaperekeze kokwerera. Njira yake imadutsa m'mbali mwa munda uja. Anaima pang'ono, anasenda chimanga chimodzi kunsonga, n'kudina njere ndi chikhadabo. Mkaka unatuluka. Anabwezera makoko bwinobwino.

"Mudzawauze asamatenthe mapesi, alamu. Ndipo mangowa afuna kuwatchingira, mbuzi zingadye."

Ndinali wokwiya moti sindinkadziwanso kuti ndakwiyira ndani.

Katundu wawo yense anali bulangeti, mphasa, zovala za kutchalitchi ndi chitenje chimodzi cha Esitele. Tinamumanga pa kaliyala ndi chimodzi mwa zingwe za ng'ombe zija, zomwe anazisunga kudenga nthawi yonseyi. Tinazunguliza kawiri, tinamanga mfundo, chingwe n'kutsalabe chachitali chikukwekwereza pansi. A Fletcher anachinyamula m'manja kuti chisakodwe m'masipoko, ndipo anayenda nacho choncho pambuyo pa njinga mpaka kumsewu.